Khasu Lobwereka Silikhalira Kuthyoka: Mlandu wa Gitala Yosema Pamudzi

Akale adati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Ponena zimenezi sadali kukamba za khasu lokha ayi. Adali kuchenjeza kuti munthu wodalira zipangizo za eni ake amalima mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku limene chipangizocho chidzathyoke adzangogwira njakata, popeza sadziwa m'mene adachisulira kapena m'mene angachilumikizire. Mwambiwu ukuyenera kukumbukiridwa lero pa nkhani imene ambiri angaiyese yachibwana, ya mnyamata amene wafuna kudzisemera yekha gitala ya magetsi.

M'midzi yozungulira phiri la Chongoni, kuchokera ku Linthipe mpaka ku Mphunzi, mwana akatola chigubu cha mafuta, kamtengo ndi waya wa buleki ya njinga n'kupanga kabanjo, anthu amangomwetulira, amvekere ndi masanje. Koma mwana yemweyo akasinkhuka, nayamba kufunsa kwa kalipentala za thabwa louma, namasunga ndalama za ganyu kuti agule makiyi okungira nsambo, pamenepo pamadzuka magulu awiri omunyoza. Loyamba ndi la anthu odzitcha osunga mwambo, amene amati gitala ya magetsi n'chinthu chachilendo chodzaononga chikhalidwe cha Achewa. Lachiwiri ndi la anthu odzitcha otsogola, amene amati chosema pamudzi sichingalire ngati chogula m'sitolo, choncho mwanayo angodikira tsiku limene m'bale wake wa ku Joni adzamutumizire gitala yeniyeni. Magulu onse awiriwa ngolakwa, ndipo kulakwa kwawo kukupha luso m'manja mwa ana.

Osunga mwambo ayambe ayankha funso ili: chachilendo n'chiti? Nsima imene amalumbirira kuti ndiyo chakudya cha makolo ndi ya chimanga, ndipo chimanga kwawo ndi ku America. Chisadafike kuno makolo ankadalira mapira ndi mawere. Mbatata ya kachewere imene yatchukitsa Dedza m'misika ya dziko lonse idachokera ku mapiri a Andes ku South America. Palibe mfumu imene idaitanitsapo bwalo kuti izenge kachewere mlandu woononga mwambo. Anthu adamulandira, adaphunzira nthaka yake ndi nyengo yake, lero ndi wawo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wanzeru samangometedwa nako, amayang'anitsitsa m'mene adakanolera.

Mapanga a Chongoni omwewa akuchitira umboni. Malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, sali ndi dzanja la mtundu umodzi. Pali zofiira zimene adasiya Akafula, ndipo pali zoyera zimene adajambula Achewa pa nkhani za chinamwali ndi nyau, zina mwa izo cha m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Amene adadza pambuyo sadathawe mwala ponena kuti ngwa eni ake, adaonjezerapo zawo. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, ali ndi Simoni wa nkhope yofiira, ali ndi Maliya, ali ndi chilombo chotchedwa galimoto. Gule sadaope galimoto. Adaitenga n'kuivinitsa pabwalo. Ngati mwambo waukulu wa Achewa udatha kumeza galimoto osatsamwa, ungatsamwe bwanji ndi nsambo zisanu ndi imodzi?

Ndipo gitala si mlendo wa dzulo. Asilikali obwera ku nkhondo imene idatha mu 1945, pamodzi ndi amuna ochokera ku migodi ya ku South Africa ndi Rhodesia, ndiwo adafalitsa banjo ndi gitala m'midzi ya dziko lino. Ana amene sakadatha kugula adayamba kudzipangira ndi zigubu ndi zikopa za mbuzi. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, adali kuimba m'misewu ya Blantyre pamene katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mu 1967, ndipo nyimbo zawo zidakafika mpaka ku Ulaya. Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo, adagwedeza dziko ndi banjo. Kodi alipo lero amene anganene kuti nyimbo za Namoko si za Chimalawi? Agogo amene akukalipira mdzukulu chifukwa cha gitala ndi omwewo amene pa unyamata wawo ankaunjikana pa wailesi kumvera anthu amenewa.

Tsono kwa otsogola aja, amene amanyansidwa ndi chilichonse chonunkha utuchi wa pamudzi. Anthu amenewa amagwadira maina olembedwa pamutu pa gitala, osadziwa kumene mainawo adachokera. Les Paul, amene dzina lake lili pa magitala odula a kampani ya Gibson, adayesa maganizo ake cha m'ma 1940 pa chipika wamba cha paini, nakhomapo khosi la gitala ndi zotolera mawu zopanga yekha, ndipo poyamba eni kampani adamukana. Leo Fender adali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California, ndipo sankadziwa n'kuimba komwe gitala. Komabe ndiye adatulutsa gitala ya thabwa lopanda mphako mu 1950, imene idadzatchedwa Telecaster, kenako Stratocaster mu 1954. Brian May wa gulu la Queen adali mnyamata wa sukulu wosowa ndalama zogulira gitala ya m'sitolo, ndipo mu 1963 iye ndi bambo ake adayamba kupanga yawo. Khosi adalisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo oothera moto, mabowo a tizilombo adawatseka ndi timitengo ta machesi, masipuling'i adachotsa ku injini ya njinga yamoto, ndipo timadontho ta pakhosipo adali mabatani a m'bokosi losokera la mayi ake. Gitala yomweyo ndiyo adakaimba padenga la nyumba yachifumu ya Buckingham mu 2002. Bambo amene uja akadati mwanayo adikire ya m'sitolo, dziko likadamva chiyani?

Safunika kuoloka nyanja munthu kuti aone zimenezi. Ku Congo, Mawangu Mingiedi wa gulu la Konono No. 1 adatenga maginito a m'zitsulo zakutha za galimoto n'kupangira sansi zake zotolera mawu kuti zimveke m'phokoso la mzinda wa Kinshasa, ndipo chimbale chawo cha 2004 chidawatchukitsa maiko akutali. Kuno kumudzi, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adadziwika kunja ndi babatoni wa nsambo imodzi ya waya, woimba ndi kamtengo ndi botolo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe, wina ndi babatoni wopanga pamanja, mnzake ndi gitala ya nsambo zinayi. Mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo chiyambire pamenepo ayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya. Azungu amalipira ndalama kuti aone chida chimene mwini mudzi amachiseka. Mako ndi mako angachepe mwendo, koma zikuoneka kuti ena amadikira mlendo kuti awauze kuti mayi awo ngokongola.

Chimene onyoza onsewa sadziwa n'chakuti kupanga gitala ya magetsi ndi sukulu yathunthu. Phunziro loyamba ndi kudekha. Thabwa la thupi la gitala limakhala lochindikala pafupifupi mamilimita 45, ndipo amisiri ali ndi lamulo lakale loti thabwa loumitsa pamthunzi limafuna chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse. Wotenga thabwa laliwisi adzakondwa mwezi umodzi, koma likadutsa m'chifunga cha Juni wa ku Dedza n'kulowa m'dzuwa la Okutobala lidzapindika ngati uta. N'chifukwa chake chitseko chakale, mwendo wa bedi la agogo kapena thabwa la tebulo losweka zimaposa thabwa latsopano lonyezimira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thupi likhoza kukhala la paini, amene ngwambiri m'nkhalango ya Chongoni ndipo ngwopepuka paphewa. Koma khosi lifuna mtengo wolimba, wa mitsempha yoongoka, monga m'bawa kapena mlombwa, chifukwa nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimalikoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40 usana ndi usiku. Pa chifukwa chimenechi m'kati mwa khosi mumaikidwa ndodo yachitsulo yokhala ndi nati, kuti likayamba kuwerama mwini wake aliongole.

Phunziro lachiwiri ndi masamu, ndipo apa ndi pamene kabanjo ka chigubu kamasiyana ndi gitala. Timipiringidzo tachitsulo ta pakhosi, timene oimba amati mafureti, sitiikidwa mongoyerekeza ndi maso. Mmisiri amayamba wasankha utali wa nsambo kuchokera pa kafupa ka kumutu kufika pa mtsamiro wa kuthupi. Fender adasankha mamilimita 648. Utali umenewu akaugawa ndi 17.817 amapeza mamilimita 36.4, ndipo pamenepo ndipo pamakhala fureti yoyamba. Zotsalazo, mamilimita 611.6, amazigawanso ndi nambala yomweyo n'kupeza 34.3, umene ndi mpata wa fureti yachiwiri, ndipo amapitiriza chomwecho mpaka kumapeto. Ngati wawerenga bwino, fureti ya nambala 12 imagwa pakatikati penipeni, pa mamilimita 324. Akaphonya ndi milimita imodzi yokha, gitalayo idzanama moyo wake wonse ngakhale aipake penti ya golide. Mwana amene amagona m'kalasi pa phunziro la kugawa ndi madesimo amadzuka akaona kuti nambala yolakwika imamveka m'khutu. Mphunzitsi aliyense amene adagwirapo choko angachitire nsanje phunziro lotere.

Phunziro lachitatu ndi sayansi ya chotolera mawu, chimene oimba amachitcha pikapu, osati galimoto yonyamula matumba ija. Ndi maginito ozunguliridwa ndi waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo imadzutsa timagetsi tochepa m'wayamo, ndipo timagetsi timeneti ndito timakuzidwa ndi ampulifaya n'kutuluka pa sipika. Chinsinsi chake adachitulukira Michael Faraday mu 1831, ndipo padapita zaka 100 kuti George Beauchamp achiike pa gitala mu 1931. N'chimodzimodzi ndi dayinamo ya njinga imene William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, adamangirira ku makina ake a mphepo ali ndi zaka 14, anthu akumuyesa wamisala. Wodziwa zimenezi safunika kuuzidwa chifukwa chake ulusi wa mbedza sungalire pa gitala ya magetsi pamene waya wachitsulo ulira: maginito samva ulusi.

Pofika pa kusankha zitsulo pafunika kunena zoona, ngakhale zowawa kwa okonda zapamudzi. Si chilichonse chimene chingasemedwe ndi nsompho. Ngakhale Brian May uja adayamba wakulunga yekha mapikapu, koma atawamva kulira kwake adakagula opangidwa ndi kampani ya Burns. Kugula chimene manja alephera si manyazi. Manyazi ndi kugula osadziwa chimene ukugula. Wa ndalama zochepa ayambe ndi makiyi okungira nsambo, chifukwa makiyi oterereka amasandutsa woimba kukhala wokunga wosalekeza pamaso pa anthu. Chachiwiri ndi waya weniweni wa mafureti, popeza misomali ndi masipoko a njinga zimadya nsambo ndi kucheka zala. Chachitatu ndi mtsamiro wokhala ndi timasikuluu tosunthira nsambo iliyonse payokha, kuti mawu akhale oona kuyambira kumutu mpaka kuthupi. Mtsamiro wa chogwirira chogwedeza mawu, umene anyamata amausirira pa kanema, ausiye kaye. Umachotsa nsambo pamalo pake ngati sudaikidwe mwaluso, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pikapu ikhoza kukhala yochotsa ku gitala yakufa. Ya makoyilo awiri, imene Seth Lover adapangira kampani ya Gibson ndipo idayamba kugulitsidwa mu 1957, ntchito yake yaikulu ndi kupha kulira kwa ngati njuchi kumene kumadza ndi magetsi a nthambo. Woimbira pa batire kumudzi, kutali ndi nthambozo, ya koyilo imodzi imukwanira. Kafupa ka kumutu asagule n'komwe: fupa la ng'ombe lowiritsa ndi kuumitsa ndilo limene amisiri a magitala odula amagwiritsa ntchito. Penti ndiyo yomalizira, ndipo wotaya ndalama zake zoyamba pa penti wagula mpini asadasule khasu.

Pali chenjezo limodzi limene kholo lililonse liyenera kulimva. Gitala payokha siingaphe munthu, koma ampulifaya ya pakhoma yolumikiza mwachinyengo ikhoza kupha. Magetsi a nthambo m'dziko lino ndi a mavoti 230, ndipo nsambo za gitala zimalumikizidwa ku chitsulo cha ampulifaya. Woimba wa ku Scotland, Leslie Harvey, adafa ndi nyesi pa nsanja ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yosalumikizidwa bwino, ndipo Keith Relf wa ku England adafanso ndi nyesi mu 1976 akuimba gitala m'nyumba mwake. Wophunzira ayambe ndi ampulifaya ya batire, ndipo za pakhoma afunse odziwa. Safunsa adadya phula. Koma taonani kusiyana kwake: mwana amene makolo amukhalira pafupi amachenjezedwa, pamene wonyozedwa amakayesera kuseri, yekha, usiku.

Nkhani ya mtengo ikhudza Chongoni mwachindunji. M'nkhalango muno muli sukulu ya ukachenjede ya zankhalango ndi nyama zakutchire, komabe aliyense woyenda pa msewu wa M1 amaona matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni. Mtengo umene udatenga zaka makumimakumi kukula umapsa m'mbaula masiku owerengeka. Thabwa limodzi la mtengo womwewo likhoza kukhala khosi la gitala yoti mwana ndi mdzukulu adzaimbe. M'bawa ndi mtengo umene mafakitale a magitala kunja amaufuna, ndipo wachepa kotero kuti mu 2022 maiko a m'pangano la CITES adauika pamodzi ndi mlombwa m'gulu la mitengo yosatuluka m'dziko popanda chilolezo. Phingo, amene amapangira zitoliro zodula, adalowa m'gulu lomwelo mu 2017. Apa sakunenedwa kuti anyamata akalowe m'nkhalango ya boma ndi macheka ayi. Kuba mtengo n'kuba, ngakhale wakubayo aimbe bwino. Chikunenedwa n'chakuti munthu amene wadikira thabwa zaka ziwiri kuti liume amadziwa mtengo wake wa mtengo kuposa wootcha makala, ndipo ndiye angadzale m'bawa kuseri kwa nyumba.

Osunga mwambo ali ndi dandaulo limodzi loyenera kulimvetsera. Amati bangwe, kaligo, zeze ndi mkangala zikutha, ndipo akunena zoona. Pamene Hugh Tracey ankayenda m'dziko lino ndi makina ake ojambulira mawu mu 1950 ndi 1958 adapeza oimba bangwe m'midzi, ndipo mawu awo akusungidwa mpaka lero ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Koma mdzukulu wa lero angayende midzi ingapo osaona bangwe ndi maso. Funso n'lakuti, adapha bangwe ndani? Si mwana wosema gitala ayi. Bangwe adafa tsiku limene manja adaleka kusema, pamene mudzi udazolowera kuti nyimbo imatuluka m'kabokosi kogula, lero m'foni. Mdani wa mwambo ndi manja olendewera. Mnyamata amene wadziwa kusankha thabwa, kuboola, kukunga waya ndi kumvetsera ngati nsambo ikunena zoona ndiye yekhayo m'mudzi amene gogo angamuonetse kapangidwe ka bangwe n'kumva tsiku lomwelo. Kumuthamangitsa n'kuthamangitsa wolowa m'malo womaliza.

Ena amati zoimbaimba zimachititsa ulesi, mwana amaiwala munda ndi mabuku. Alipo oterowo, monganso alipo amene adaonongeka ndi mpira kapena bawo. Koma kusema gitala si ntchito ya mlesi. Amene waimaliza watuluka ali kalipentala pang'ono, wosula pang'ono, wa magetsi pang'ono, ndipo ngakhale asadzakhale woimba wotchuka adzakonza zitseko, mawailesi ndi magitala a makwaya a m'matchalitchi, amene ambiri akungokhala m'makona chifukwa cha kawaya kamodzi koduka. Ukaipa nkhope dziwa nyimbo, adatero akale; lero kuyenera kuonjezedwa kuti wosowa mawu oimbira adziwe kupanga choimbira.

Choncho mlandu uwu ugwere akuluakulu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, osati mozimira luso. Gogo amene ali ndi chitseko chakale cha mlombwa chimene chikudyedwa ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe achipereke. Kalipentala wa pamsika alole mwana kugwira pulena madzulo akaweruka. Mphunzitsi wa masamu atenge 648 ndi 17.817 n'kuziika pa bolodi. M'bale wa ku Joni, m'malo motumiza gitala yathunthu imene ikadzaonongeka palibe adzaitsegule, atumize makiyi asanu ndi limodzi, waya wa mafureti ndi paketi ya nsambo, zimene zikwana m'thumba la jekete. Ndipo mdzukuluyo, gitala ikalira, ayambe wakaimbira amene adamupatsa thabwa, nawapempha kuti amuphunzitse nyimbo ya pamtondo kapena ya kudambo imene agogo awo ankaimba. Mutu umodzi susenza denga. Khasu lodzisulira nalonso limathyoka, koma mwini wake sagona ndi njala, chifukwa amadziwa pamene pali moto ndi nyundo.